Msoko Ukhale Kunja

Guilhermina anapinda chitenje cha kapulana pawiri, n'kusanjikapo katoni yoyezera phazi, n'kudula. Atatambasula anapeza zidutswa ziwiri, chakumanja ndi chakumanzere. Zaka khumi ndi ziwiri akusoka nsapato za nsalu ku Matundo, manja anali atazolowera kuti munthu amakhala ndi mapazi awiri. Anachiyang'ana chakumanzerecho kwa kanthawi, kenako anachiponya m'thumba la zigamba. Mwamuna wake, Adriano, anali atatsala ndi phazi lakumanja lokha.

Sanalire. Chidulireni mwendo wa Adriano kuchipatala cha tsidya lina la Zambezi, masabata atatu apitawo, misozi inali isanabwere. Ankadya, ankasamba, ankayankha moni, koma zonsezo ankazimvera patali ngati wailesi ya nyumba ina.

Nsapato zake, zimene a mumzinda amati machinelo, zinali ndi mbiri. Akazi a mabwana a ku Moatize ankazilimbirana kuti aziyendera m'nyumba zawo zoterera zija. Luso lake linali pamsoko. Ankasoka nsapato ataitembenuza, akamaliza n'kuibweza, msoko wonse ndi mfundo zake n'kubisala m'kati. Kunja kunkangoti see! Osoka anzake, amene misoko yawo munthu amaionera tsidya la msewu, ankawaseka mosabisa, ndipo tinene zoona, mayiyu anali ndi matama.

Adriano atadwala shuga n'kusiya kuyendetsa galimoto ya malasha, mapazi ake anachita dzanzi. Tsiku lina anadutsa pabwalo masana wopanda nsapato, padzuwa la ku Tete limene ngakhale buluzi amalithawa, ndipo anapsa osadziwa. Choncho Guilhermina anamusokera nsapato zokongola kuposa zonse, ndi ulusi wa nayiloni kuti zisathe msanga. Adriano anazivala miyezi iwiri, akuzionetsa kwa aliyense wobwera kudzamuzonda.

Amene anamuululira Guilhermina ndi namwino wina dzina lake Zélia, tsiku limene Adriano anagonekedwa chala chitada. Anamutengera pambali, anagwira dzanja lake n'kulilowetsa mu nsapato yakumanzere mpaka linakhudza kamfundo ka nayiloni, kolimba ngati njere ya mapira.

"Mwakamva, Dona Guilhermina? Inu mwakamva. Amuna anu sakanakamva. Kankadya chala tsiku ndi tsiku."

Zélia sanamuuze Adriano. Guilhermina nayenso anangoti duu.

Sabata ino namwinoyo anamuitananso. "Madzi akatayika saoleka," anatero, "koma phazi latsalali tilisunge. Akutuluka Loweruka, ndipo thupi lonse lizitsamira pomwepo. Nsapato zakumsika n'zolimba, musokereni ina. Ulusi wa thonje, msoko ukhale kunja, m'kati musakhale kalikonse. Pakatulukanso chilonda, mukudziwa kale kumene tikuthera."

Ndiye Lachisanu limenelo Guilhermina anasoka mmene anali asanasokerepo. Pansi anaikapo mphira ya chubu cha galimoto, pamwamba pake siponji, kenako nsalu yofewa ya malaya akale. Inatuluka nsapato yonyansa, misoko ili panja ngati matumbo a nkhuku. Anzake aja akanaiona akanaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo palibe akanawadzudzula.

Analowetsamo dzanja, osapeza kanthu. Koma dzanja siliyenda. Adriano, ngakhale anali ndi mawu ngati lole, phazi lake linali laling'ono, moti awiriwo ankavalirana mapatapata kuyambira ali kwawo ku Angónia. Guilhermina anaganiza zoivala yekha mpaka kuchipatala, kuti phazi lake limvere phazi la mwamuna wake. Kumanja anavala nsapato ya nsalu, kumanzere patapata, n'kutseka chitseko.

Pamsewu wotsogolera kumlatho, kondakitala wa minibasi, zija amati chapa, anamukuwira. "Cidade, mãe! Kutauni, mayi! Malo alipo! Kapena nsapato inzake mwagulitsa?" Anthu a m'galimotomo anaseka. Iye anangopitirira, sanachite manyazi ndipo sanakwiye.

Pamlatho anayenda pang'onopang'ono, akuyesetsa kutchera khutu kuphazi. Pansi Zambezi ankapita zake, galimoto zinkadutsa n'kugwedeza zitsulo. Anayesa kuponda ndi chidendene, anayesa ndi zala. Sanamve kukhula, sanamve kutentha, sanamve chilichonse. Atafika tsidya linalo anali asakudziwabe ngati nsapatoyo inali yabwino kapena ngati iyeyo ndi amene anasiya kumva.

Anapeza Adriano atagona chagada, atafunda kansalu konyowa kumaso chifukwa cha kutentha. Chofunda chinali chathyathyathya pamene panayenera kukhala mwendo wakumanzere.

"Ndinu, mayi a Joana?" anafunsa osachotsa kansaluko. "Ndamva kayendedwe. Mwabwera nayo?"

"Ndabwera nayo."

Anakhala kumiyendo kwa bedi, anavula nsapato ija n'kuisasa fumbi. Kenako anakweza phazi lake pabondo ndi kuliyang'ana monga Zélia anamuphunzitsira kuyang'ana la Adriano: chidendene, pansi, pakati pa zala. Pa kachala kakang'ono khungu linali litafiira, ndipo pakati pake panali kathuza kodzaza madzi. Njira yonse ija kuchokera ku Matundo, iye sanakamve.

Analowetsa chala mu nsapato, n'kukankha kumbali mmene phazi limakankhira. Anakapeza. Sikanali kamfundo ayi. Nsalu yam'kati inali itakwinyika pang'ono pamene siponji inathera, kakhwinya koti dzanja lopusa lingadutsepo kakhumi osakazindikira.

Adriano anali atatulutsa kale phazi lake m'chofunda, ataliimika m'mwamba ngati mwana wodikira kusambitsidwa.

"Mwandiveka kale?" anafunsa. "Muzindiuza, paja ine sindimva. Koma ndikudziwa ndi yabwino. Ndawauza onse muno kuti za mkazi wanga sizilakwika."

Apa m'pamene mantha anamufikira Guilhermina, chinthu choyamba kuchimva m'masabata atatu. Akanatha kumuveka, bamboyo akanamwetulira, mawa akanatuluka nayo, ndipo palibe akanadziwa mpaka chala chitada.

"Sindinakuvekeni," anatero.

"Mukudikira chiyani?"

"Zimalakwika, bambo a Joana. Iyi yalakwika. Ija yakumanzere inalakwikanso. Munali kamfundo kanga m'kati. N'kamene kanakudyani chala."

Kansalu kaja kanangokwera ndi kutsika pankhope pa Adriano, kawiri, katatu. Sanakachotse, koma phazi sanalibweze m'chofunda.

Guilhermina analigwira ndi manja onse awiri, analitsitsa n'kuligoneka pamiyendo pake. Anamasula mfundo ya pangodya ya kapulana, anatulutsa lezala ndi singano, n'kuyamba kumasula msoko kuyambira kuchala.

"Mudakalipo?" anafunsa Adriano patapita nthawi.

"Ndilipo. Phazi lanu lili pamiyendo panga."

"Chabwino," anatero. "Muzindiuza."