Mawu a amayi

"Chotupa cha pakhosi pa mayi anuchi musachisekerere," anatero namwino wa kusikelo ku Dwangwa, tsiku lomwe amayi anandiperekeza kukayezetsa mwana wanga Rahma. Sitinamvere. Amayi anangochibisa ndi mpango.

Chaka chomwe sukulu zinakhala zaulere, dokotala wa ku Lilongwe anati ndi khansa ya chithokomiro. Ankalankhula Chingerezi, ine ndikumasulira. Anati akachotsa theka la chithokomirocho, matenda akhoza kubwerera. Akachotsa chonse, amayi azimwa mapiritsi moyo wonse, ndipo mawu awo mwina adzasasa osabwereranso.

Za mawuzo sindinamasulire. Amayi ndiwo amatsogolera nyimbo pa maukwati onse a Chisilamu ku Ngala, ndipo ndinkaopa kuti akana.

Titabwerera kumudzi kukaganiza, anasankha kuchotsa chonse. Madzulo ena ndinawamva akuimbira Rahma, ndipo ndinaima n'kumangowayang'ana.

"Ukundiyang'ana ngati ndakubera usipa bwanji, Asiyatu?"

"Amayi, adokotala ananenanso za mawu anu. Mwina simudzaimbanso. Ndinakubisirani."

Anasiya kumugwedeza mwana uja. "Sukulu yonse ija unkaphunzira kumeza mawu a anthu?"

"Pepani. Ndinkafuna mukhale moyo."

Anasisita khosi.

"Mawa anzanga abwera kudzakonzekera nyimbo za ukwati wa mwana wa a Sharifu," anatero. "Ndikangoyamba nyimbo imodzi, sindipitanso kuchipatala. Lole ya nsomba yopita ku Lilongwe imanyamuka kusanache, ndikwera imeneyo. Bereka mwana titsagane, koma ulendo uno uzindiuza zonse."