Msoti wa pa Chinkhoswe

Yelemiya anafika ku ofesi ya penshoni mutu utaima. Mkulu wake Filipo, mlangizi wa zaulimi, adamwalira atangopuma pantchito, ndipo Nagama, mkazi wa malemuyo, amafuna kulandira gawo lake. Koma poti ukwati wawo unalibe pepala, a ku ofesi anati abwere ndi nkhoswe idzachitire umboni. Nkhoswe yeniyeni, a Chimkwita, malume a Filipo ndi Yelemiya, idatsikira kulichete kalekale, unkhoswewo n'kugwera Yelemiya.

Alongo ake anali atamuthira kale mawu m'khutu: "Ukanene kuti anali ongolowana, penshoniyo ibwere kumtundu." Iye sanavomere, sanakanenso. Munthu wake ndi wotero, wongoyendera mphepo.

M'khonde munatentha zedi. Uyu akuti pitani khomo linalo, uyo akuti dikirani. Nagama anakhala kumapeto kwa benchi. Yelemiya anati aweramire pang'ono, tulo n'kumuba.

Anaona ofesi yomweyo, koma pansi pali fumbi la pabwalo la kwawo kwa Nagama, ponseponse pakununkhira nkhuku yootcha. Pampando wa kalaliki panali a Chimkwita, atavala jekete lawo lija la zigamba m'zigongono, atakhwapatira msoti wamawanga. Msotiwo unkangophethira.

"Malume, mwayamba liti ntchito m'boma?"

Iwo sanaseke. "Msoti uwu tidaulandira kwa yani?"

"Kwa akuchikazi, ife titapereka tambala."

"Nanga yootcha ija, sudadye nawo?"

"Ndidadya."

"Yamba wailavula tsono, ukaname bwino."

Anamuika msotiwo pamiyendo, ndipo unalemera ngati thumba la chimanga. Anati awayankhe, koma kukhosi kunali kutadzaza nthenga. Mantha anamugwira. Poti akweze maso, pampando panalibe munthu.

"Ankhoswe a mayi Nagama, lowani."

Yelemiya anadzidzimuka kutulo, n'kuyamba kusuzumira pansi pa benchi.

"Alamu, mwataya chiyani?" anafunsa Nagama.

"Kaya, alamu, inenso sindikudziwa. Tiyeni."

Kalaliki, mtsikana wa magalasi, anafunsa osadzutsa mutu: "Mayiwa mukuwadziwa bwanji?"

Yelemiya anameza malovu. Kukhosi kunkayabwabe. Anaganiza za alongo ake, anaganiza za jekete lija.

"Nkhuku yawo tidadya," anatero.

Mtsikanayo anavula magalasi. "Za nkhuku sitilemba kuno, bambo. Ndi mkazi wa malemu kapena ayi?"

"Ndi akazi athu awa. Lembani choncho."

Nagama anabisa nkhope m'chitenje. Za nthenga zija Yelemiya sanauze munthu, koma potuluka kukhosi kwake kunali mbee.