Makutu a Kompyuta ya ku Mishoni

Kompyuta inafika pa ofesi ya mishoni ina kufupi ndi Kasakula m'chaka cha 1991. Anaiika pa tebulo la Lusiya, mayi amene ankatayipa makalata a mpingo ndi a sukulu. M'ofesimo munalinso a Nedson, kalaliki wamkulu.

Patatha masabata awiri, a Yoswa, mkulu wa mpingo, anabwera kudzatayipitsa kalata. Akudikira, anadandaula chapansipansi kuti a chipani anakakamiza mpongozi wawo woyembekezera kugulira khadi mwana wosabadwa. Lachitatu apolisi anawatenga. Anabwerako patatha masiku asanu ndi anayi, akutsimphina.

"Ndi chimakinachi," a Nedson ankauza aliyense. "Chimamva, chimaganiza pachokha, kenako chimakanena ku Lilongwe."

Anthu anakhulupirira. Aphunzitsi ankapereka mapepala awo ali pakhomo, osalankhula. Ena akangolowa ankayamba kutamanda boma mokweza.

Lusiya ankakayika. Tsiku lililonse ankaona makinawo akungodikira zala zake, ndipo chingwe chake chinkathera ku jenereta basi.

Masana ena ali yekha, anaweramira kompyuta ili yoyaka n'kuiuza bodza, kuti m'nkhokwe mwake wabisamo mapepala onyoza boma. Mwezi unatha, palibe anabwera.

Kenako anadikira tsiku limene jenereta inalibe mafuta. Ananong'oneza a Nedson bodza lomwelo, koma anati mapepalawo ali m'denga la khitchini yake.

Lachisanu kunyumba kwa Lusiya kunabwera anthu atatu a chipani. Analunjika kukhitchini n'kusasula udzu wonse, koma sanapeze kanthu. Nkhokwe sanaiyang'ane n'komwe.

"Pepani mayi, ndamva zakuonekerani," anatero a Nedson Lolemba. "Ndinanena ine za chimakinachi."

"Tsiku lija chinali chozima, bambo."

A Nedson anasanjasanja mapepala awo. "Mwina chimamva ngakhale chili chozima."

"Mwinadi," anayankha Lusiya.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, anawakokera pambali a Yoswa n'kuwafotokozera zonse. Nkhaniyo inawavuta a Yoswa, chifukwa a Nedson anali ankhoswe a mwana wawo.

"Musauze wina aliyense, mwanawanga," anatero a Yoswa. "Asiyeni anthu aziopa makinawo. Malinga akutseka pakamwa m'ofesimo, palibe amangidwenso."

Lusiya anagwirabe ntchito pomwepo, tebulo lake moyang'anizana ndi la a Nedson, ndipo m'mawa uliwonse ankawapatsa moni mwaulemu.