Msilikali Sabisa Mpeni

Rochelle anayamba kumukayikira Purvis tsiku lomwe anamuona akudya. Bamboyo anazinga mbale ndi mkono, maso uku ndi uku, ngati pali wina wofuna kumulanda nkhukuyo. Amayi ake a Rochelle, mayi Odessa, anati ndi usilikali umenewo, munthu wakhalitsa kunkhondo usamudabwe. Koma Rochelle nayenso anayendetsapo malole a asilikali m'chipululu asanabwerere ku Fayetteville kudzayendetsa basi ya ana a sukulu. Ankadziwa kuti msilikali amadya mothamanga, koma salondera mbale.

Ukwati wa mayi Odessa ndi Purvis unali pafupi. Ukangotha, Dontrell, mwana wa Rochelle, msilikali nayenso, amene ankagona kwa agogo akewo akakhala kuti sali kukampu, anayenera kunyamuka ndi gulu lake kupita kunja. Ndiye kuti m'nyumba ija mudzatsala gogo wodwala shuga ndi munthu amene anangotulukira kutchalitchi chaka chatha, wopanda wachibale, wopanda chithunzi ngakhale chimodzi cha yunifomu. Ukamufunsa kuti anali gulu liti, ankangoti, "Zimenezo sindikamba." Ukamufunsa kawiri, amayi ankakuyankhira ndiwo.

Lamulungu lina akudya, Dontrell anati akufuna mpeni wopita nawo. Rochelle anaika foloko pansi.

"Bwanji akusankhire a Purvis? Msilikali wakale ngati ameneyu sangasowe nzeru."

"Iyayi, mayi ako akudziwa zimenezo," anatero Purvis kwa Dontrell.

"Ine ndinali dalaivala chabe. Inu ndi amene munaiona nkhondo maso ndi maso."

"Musakane, bambo Purvis," anatero Dontrell. "Amayiwa angandigulire wosendera mbatata."

Mayi Odessa sanaseke. Anamuyang'ana mwana wawo monga ankachitira kale akamupeza ndi dzanja m'chitini cha shuga, kenako anati nawonso apita, adzakhala m'galimoto.

Sitolo yake inali imodzi mwa zija zandandalika kunja kwa geti la kampu, pakati pa malo odindira mphini ndi malo ogulitsa magalimoto akale. Purvis ndiye anatsogola. Atafika pachitseko anaima, manja m'mbali, n'kudikira. Chitseko chinali chosakhoma. Anaima choncho mpaka Dontrell anatambasula dzanja n'kukankha. Rochelle anaziona, anazisunga.

M'kati munkanunkha mafuta a mfuti ndi nsapato zakale. Mipeni inali m'galasi, ina italiitali ngati zikwanje, ya mano kumsana. Rochelle anali atakonzeka. Onse onamizira usilikali amathamangira yomweyo. Amene anapitako kunkhondo amadziwa kuti mpeni ntchito yake ndi kung'amba mapaketi a chakudya, kudula zingwe ndi kutokosa mchenga m'mahinji, ndiponso kuti chimpeni chachikulu chimathera pansi pa chikwama pomwe anzako akukuseka.

Dontrell ndi amene anathamangira chachikulucho.

"Ichi ndiye chilombo! Taonani, amayi."

"Ukukapha njati?" anatero Rochelle.

"Chibwezere, mphwanga," anatero Purvis. "Chimenecho ndi cha anthu a phokoso. Wina akachiona ali patali wadziwa kale za iwe."

Rochelle anakhumudwa pang'ono. Msampha unali utadumphidwa. Mwina amayi ankanena zoona.

Purvis anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa galasi, msana osaulozetsa kukhomo. Anadutsa mipeni yopinda, anadutsa ija yokhala ndi pulayala ndi sikuludalaiva imene msilikali aliyense amakhala nayo palamba. Anakaima kumapeto n'kuloza kampeni kopyapyala, kakuda, kopanda chotchinga zala. Mwini sitolo, mzungu wonenepa wa ndevu zotuwa, anakatulutsa.

Apa Purvis anasintha. Munthu uja wamanyazi, wosowa pobisa manja, anakanyamula ngati wakumana ndi mnzake wakale. Sanayese kuthwa kwake ndi chala. Anakagoneka m'mkono, nsonga kuloza kuchigongono, n'kutsitsa malaya. Kampeni kanasowa.

"Ukuona? Aka ndiye," anauza Dontrell motsitsa mawu. "Chigwirirochi uchichotse, chanenepa. Ukulunge tepi kawiri basi. Ukatero kalowa m'sokosi, kalowa m'mphepete mwa matiresi, ngakhale mumsoko wa thalauza. Pa chipikisheni sangakapeze."

"Chipikisheni cha ndani?" anafunsa Rochelle.

Purvis anatembenuka. Mwini sitolo anayamba kupukuta galasi loyera kale.

"Cha... akuluakulu."

"Akuluakulu ati? Mpeni wa mwanayu sajeni wake akauona, akaulemba, mwina akaubwereka n'kuiwala kubweza. Msilikali sabisa mpeni, a Purvis. Amaumanga chingwe palamba kuti usagwe mumchenga. Inu kumene munali ankabisiranji?"

Amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sanena kumene anakanolera. Purvis anakweza malaya, anaika kampeni pagalasi, n'kubweza manja kumbuyo osauzidwa ndi munthu. Kenako anatuluka. Ulendo uno chitseko anatsegula yekha.

"Amayi, mwatani kodi?" anatero Dontrell.

"Tenga wa pulayalawo, ndi uyu wopinda. Yesa kuutsegula ndi dzanja lamanzere. Watseguka? Ndi womwewo. Achimwene, muikemonso chingwe."

Kunja dzuwa linali litakwiya. Purvis anali ataima kuseli kwa galimoto, akuyang'ana msewu. Mayi Odessa anali atatsitsa galasi, akudzikupiza ndi katoni. Rochelle anaweramira pazenera.

"Amayi, munthu wanuyu usilikali sanaununkhizepo. Ndi wakundende."

"Watsiriza?"

"Mwandimva?"

"Ndakumva. Ukuganiza kuti ndinamupeza kuti? Amayi a mvano tikamapita kukayendera akaidi, umayesa timakaimbira makoma?"

Rochelle anawongoka, n'kuweramanso.

"Ndiye wakunamizani chiyani?"

"Ine? Palibe. Za usilikalizo ndinapeka ndine. Iye ankafuna kukuuzani tsiku loyamba, ndinamutseka pakamwa. M'banja mwathu abambo ako msilikali, iwe msilikali, mwana wako msilikali. Munthu wopanda yunifomu simumupatsa ndi mpando womwe. Ndinati ndimuveke yanga."

"Mwamuveka yothina."

"Ndaona. Kusoka ndinasiya kale."

Rochelle anazungulira galimoto. Purvis sanathawe maso ake, ndipo zimenezo sizinamusangalatse, chifukwa abodza enieni nawonso sathawa maso.

"Munalakwa chiyani?"

"Ndinabaya munthu."

"Anafa?"

"Anafa."

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Mwamuna. Mlamu wanga. Tinali titamwa."

"Mumamwabe?"

"Ayi."

"Mukanayankha chiyani china?"

Purvis anaganiza pang'ono. "Palibe," anatero.

Dontrell anatuluka ndi kajumbo kake, nkhope itagwa. Anali atamva zokwanira. Anakhala kumbuyo, kumbali kwenikweni, n'kuyamba kumanga chingwe pampeni wake. Purvis anakhala mbali inayo. Rochelle analiza injini koma sananyamuke.

"Ukwatiwu ulipobe?" anafunsa.

"Keke ndinaitanitsa kale," anatero mayi Odessa. "Ndine wamkulu, Rochelle. Ndinakusambitsa ndine."

"Chabwino. Dontrell, usananyamuke uchotse zinyalala zako m'chipinda chija. Ndikulowamo ine."

"Iwe uli ndi nyumba yako!" anakuwa amayiwo.

"Ndiikamo anthu a lendi."

"Mwamuna wanga ndi ine tikufuna mpata."

"Mpata ulipo, khoma ndi lokhuthala. Ndikamakuyezani shuga m'mawa ndizigogoda."

"Ndiye mpaka liti?"

"Mpaka nditatopa. Mukudziwa kuti sinditopa msanga."

Anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Purvis anali akumuyang'ana momwemo. Rochelle anafunafuna mkwiyo pankhopeyo, kapena mantha, china chilichonse choti agwire. Anangopeza nkhope ya munthu wozolowera kulonderedwa.

"A Purvis, mipeni ya kukhitchini ndimaidziwa yonse, ndi kabati imene imakhalamo."

"Wa buledi ndi wobuntha," anatero Purvis. "Ndinauona, koma sindinaukhudze."

"Usiyeni choncho," anatero Rochelle, n'kulowetsa giya.