Duwa Loletsedwa Kumasula

Bambo wina wometa tsitsi duwa la akazi ake sankalimvetsa. Linali la mtundu wa okidi, lokhala mu kamphika pakona ya chipinda pomwe dzuwa silifika, masamba akuda bii, ofewa ngati khutu la mphaka, okhala ndi timizere tofiirira. Chaka chilichonse likatulutsa kaphesi koti limasule, mayi aja ankakadula.

"Inu, ndi nkhanza zimenezo," ankatero bamboyo. "Duwa lanji losaloledwa kumasula?"

"Ili n'lamasamba. Likamasula limaonda, limangotalika ngati inuyo," ankayankha mayiwo, sizasi ili kale m'manja. Sizasi yake yometera anthu, tangoganizani!

Ndiye kunabwera sitiroko. Mayi anabwerako kuchipatala dzanja lamanja litafa, mawu akutuluka movutikira. Mwana wawo wamkazi anayamba kuwasankhira chovala, achemwali awo kuwasankhira chakudya. Aliyense ankalankhula za iwo ngati palibepo. Munthu amene ankalamula ngakhale pokhala tsache, lero ankangoyang'ana.

Duwa linagwera bamboyo. Anaphunzira kupisa chala m'dothi asanathirire, ndi kusadonthezera madzi pamasamba. Mmawa wina anaona kaphesi katatuluka, kaubweya, timaluwa tisanatseguke. Mtima unati phwii. Zaka zonsezi, tsopano aona! Akanamuletsa ndani?

Atatembenuka anapeza maso a mayi ali pakaphesi pomwepo. Mayiwo anangotsitsa maso n'kuyang'ana dzanja lawo lija pamwendo. Apo bamboyo zinamuwawa, zinamuwawa zedi.

Anapita pachikwama chake chantchito, natenga sizasi, naipukuta. Anabweretsa kamphika kaja pampando, nalowetsa zala za mayi m'mabowo a sizasi, chimodzichimodzi, zake n'kuzigwirizira pamwamba.

"Ababa, asiyeni apume," anatero mwana uja ali pakhomo.

"Duwa n'lawo ili. Tadikira."

Sizasi inanjenjemera, inaphonya, inabwereranso. Bamboyo sanafinye. Anadikira mpaka anamva chala chachikulu cha mayi chikukankha pang'ono pansi pa chake. Kaphesi kanagwera pansi.

Mayi anayang'anitsitsa chitsa chija nthawi yaitali, kukamwa kukuvutikira.

"Mwa... mwakhotetsa," anatero.

Wometa wa zaka zonsezi kuuzidwa zimenezo! Anaseka mpaka misozi, natola kaphesi kaja, timaluwa tili chitsekere.

"Pepani mayi," anatero. "Chaka chamawa mudzadule nokha."