Mapasa a Teleza

Chaka chimene mzamba anafika pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, cha m'ma 1935, Teleza anali ndi pakati poyamba. Iye ankathyola tiyi, mwamuna wake Amosi ankapalira m'minda yomweyo. Mzambayo, mayi Leah, anaphunzira ntchito kumishoni, ndipo Lachisanu ankaona amayi oyembekezera m'kanyumba ka njerwa kuseri kwa fakitale.

Amayi ambiri ankakana kupitako, ati za mimba si zoonetsa mlendo. Teleza anapita chifukwa miyendo inatupa, dengu layamba kumukanika.

Mayi Leah anamugoneka pamphasa, n'kuika kachitoliro ka mtengo pamimba. Anamvetsera uku, anamvetsera uko, kenako anaseka.

"Mwana wanga, muno mukugunda mitima iwiri."

"Wina ndi wanga, mayi."

"Wako ndaumva kale. Ndikunena ya alendo. Usiye kusenza dengu, uzidya nyemba ndi mazira, ndipo zikayamba usachedwe kunyumba."

Madzulo Teleza anauza Amosi. Bamboyo anakhala pansi pakhonde, khasu lili m'manja.

"Awiri? Waonera pati mayi ameneyu? Mimba ili ndi zenera?"

Anatsutsa sabata yonse, komabe m'mawa mwa tsiku lotsatira madzulo aja anali atapita kale kwa kapitawo kukapempha kuti mkazi wake apatsidwe ntchito yosankha masamba atakhala pansi.

Matenda anayamba tsiku lina dzuwa lili paliwombo. Anzake a Teleza anamukweza pamachila, n'kutsetsereka naye pakati pa mizere ya tiyi, a Alesi, azakhali ake, akuthamanga pambuyo, akukalipira onyamula m'Chilomwe. Mwana woyamba anabadwa bwinobwino. Wachiwiri anabwera chamiyendo, ndipo a Alesi anagwira kumutu. Mayi Leah sanatekeseke; anamutembenuza pang'onopang'ono mpaka kamtsikanako kanalira mokweza kuposa mlongo wake.

Teleza ndi ana ali m'chikuta, mzamba ankabwera pa njinga kudzawaona. Anapeza a Alesi atakonza phulusa lothira pamichombo.

"Anthu tonse tinakula nalo limeneli," anatero a Alesi.

"Inde amayi, koma awa ndi aang'ono kwambiri. Tiyeni tiwasambitse ndi madzi owiritsa. Inuyo mugwire wamwamunayu, manja anu ndi ozolowera."

A Alesi ananyinyirika, koma atapatsidwa mwana mtima unagwa. Michombo inauma bwino, ndipo iwo anayendayenda m'malaini monse mokhala antchito kuuza anthu kuti ana aja awapulumutsa awiri, iwo ndi mzamba.

Litafika tsiku lopita nawo kusikelo, Teleza anabereka mtsikana, wamwamuna n'kumupatsira Amosi. Amuna a pafakitale atamuona anaseka mpaka kugwira nthiti.

"A Amosi, mwayamba liti ulezi?"

"Sekani," anayankha akumukonza mwana paphewa. "Inu munabwera mmodzimmodzi ngati mbuzi yosokera."

Pakhomo la mzamba anapeza amayi atakhala mzere mpaka kumtengo wa bulugamu, ndipo amayiwo anamusunthira Amosi malo pabenchi.