Dzino la Mtundu wa Tiyi

"Ine undiikire loyera mbee ilo," ndinatero, ndikuloza kumapeto kwa kathabwa.

Mwana wa achimwene, yemwe ndi dokotala wa mano, anali atandigoneka pampando wake wopendekeka, akundionetsa timano tachitsanzo tondandalikidwa kuyambira toyera mpaka tofiirira. Dzino langa lakutsogolo linali litabenthuka theka ndikutsegula botolo ndi mano, ntchito yomwe ndinaigwira zaka makumi anayi popanda ngozi. Kwa miyezi iwiri ndinkaseka dzanja lili pakamwa, ine amene ndimayambitsa phwete pakhomo. Ana mpaka anayamba kunong'onezana kuti ndikudwala.

Ndinapita nditatsanzikana nalo kale dzinolo, poganiza kuti akalizula. Koma iye anati masiku ano sazula chisawawa. Kunabwera utomoni wogwira zolimba, moti amangoumbira pomwe pabenthukapo, osaboola.

"Azakhali, loyeralo silikukhalani. Mano anuwa amwa tiyi wambiri."

"Iwe, matewera ako ndinkachapa ndine. Ika loyera."

Sanatsutse. Anatapa kautomoni koyera, n'kukakhazika padzinopo osamata, n'kundipatsa galasi. Ndinaona mlendo wa suti ataima pakati pa anthu ochokera kumunda. Aliyense akanayamba wapatsa moni iyeyo asanandione ine. Ndinabweza galasilo n'kumuuza kuti ndimangomuyesa ngati sukulu inamulowa.

Ndiye anasankha yekha mtundu wa tiyi wamkaka. Anapaka kamankhwala kowawasa, n'kutsuka, n'kuumitsa ndi kamphepo, kenako guluu wake. Utomoni ankauika pang'onopang'ono ngati akuzira nyumba, akaika n'kuunika ndi katochi ka buluu kuti ulimbe. Ine kukamwa kuli yasa, nthabwala zitatu zinandifera pakhosi. Pomaliza anandiletsa za mabotolo, ine n'kulonjeza ngati munthu wabwinobwino.

Kunyumba ndinapeza kwabwera alamu anga, aja amadzitama kuti palibe chimawadutsa. Za ngoziyo anangomva pafoni. Ndisanawapatse n'komwe moni ndinawatulutsira mano onse panja, kuti apeze okha lomwe lakonzedwa. Anavala magalasi, n'kundigwira chibwano, kunditembenuzira kudzuwa. Anafufuza ngati akusankha nyemba.

"Ndi ili. Likuchita kuonekeratu kuti n'lopanga."

"Maso anu ndi akuthwa, alamu," ndinatero.

Misozi ya phwete inayamba kutsika, iwo akugogoda ndi chikhadabo dzino lomwe ndinamera ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.